George Stevens, Mkulu Amene Kanema Wake Adakhala Mboni M'khoti

Malemu George Stevens adabadwa pa 18 December 1904 mumzinda wa Oakland ku California, m'dziko la America. Makolo awo adali anthu azisudzo. Akadali mnyamata adayamba ntchito yogwira kamera, ndipo adajambula makanema ambiri a nthabwala a Laurel ndi Hardy. Pambuyo pake adatchuka ku Hollywood potsogolera makanema oseketsa ndi a nyimbo.

M'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, a Stevens adalowa usilikali ndipo adapatsidwa gulu la ojambula kuti aliyang'anire. Gululi lidajambula asilikali akufika ku Normandy mu June 1944, kenako kumasulidwa kwa mzinda wa Paris. Asilikali a America atatsegula ndende ya Dachau ku Germany pa 29 April 1945, ojambulawa adafikako patangopita masiku ochepa. Adapeza mitembo itaunjikana m'mabogi a sitima, ndiponso akaidi owonda ndi njala, ambiri akudwala matenda a typhus. Adajambula zonsezo osabisa kanthu.

Boma la Nazi lidapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, pamodzi ndi anthu a mtundu wa Roma, olumala ndi ena ambiri. Poti zinthu zotere n'zovuta kuzikhulupirira, padafunika umboni wosatsutsika. Zithunzi za a Stevens ndi za ojambula ena zidasonkhanitsidwa m'kanema wotchedwa Nazi Concentration Camps, yemwe adaonetsedwa m'khoti la ku Nuremberg pa 29 November 1945, akuluakulu a Nazi monga Hermann Göring ali pomwepo. Kumayambiriro kwa kanemayo kuli kalata ya lumbiro imene a Stevens adasainira, yotsimikiza kuti zojambulidwazo ndi zoona.

Atabwerera kwawo adasiya makanema a nthabwala. Adalandira mphoto ya Oscar kawiri, ndipo mu 1959 adatulutsa kanema wa moyo wa Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene adafera m'ndende ya Bergen-Belsen. A Stevens adamwalira pa 8 March 1975.

Mpaka lero alipo anthu okana kuti nkhanzazi zidachitika. Ophunzira athu, dziwani kuti chimene chimawatsutsa ndi ntchito ya anthu ngati ameneyu, amene adaona ndi maso, kusunga bwino zimene adaonazo, ndi kuzilumbirira ndi dzina lawo.