Imam Al-Ghazali ndi chaka chomwe mawu adakana kutuluka

Ambirife Imam Abu Hamid Al-Ghazali (Allah awachitire chifundo) timawadziwira buku lawo la Ihya Ulum al-Din. Ine chimandigwira mtima pa mbiri yawo ndi chaka cha 1095.

Adabadwa mu 1058 ku Tus, dera lomwe lero lili mu Iran. Mu 1091 nduna yaikulu Nizam al-Mulk idawaika kukhala mphunzitsi pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, ophunzira awo ngati 300. Ulemu unalipo, chuma chinalipo. Koma mumtima munali nkhondo: adayamba kuona kuti akuphunzitsira kutchuka, osati Allah. Afune kusiya, mtima wina nkumati khalani.

Mwezi wa Rajab chaka cha 1095 thupi lidagonja. Ankati aime pamaso pa ophunzira, lilime osatembenuka. Chakudya osalowa, ngakhale madzi kuvuta. Zidatenga miyezi pafupifupi 6. Madokotala adawayeza, nkupeza kuti gwero lake ndi nkhawa ya mumtima, ndipo thupi silingachire nkhawayo isanachoke.

Taonani apa: sheikh wamkulu chonchi, wodziwa Qur'an ndi Hadith kuposa tonsefe, adalola madokotala kuwaona. Pambuyo pake adalemba yekha zonsezi m'buku la Al-Munqidh min al-Dalal, osabisa. Ife mnzathu akasiya kudya, kugona, kubwera ku mzikiti, timathamangira kuti imaan yatsika kapena ndi majini basi. Eti Al-Ghazali nayenso imaan inali yochepa?

Adasiyira banja lawo zofunika, mng'ono wawo Ahmad nkutenga ntchito yophunzitsa ija, iwo nkunyamuka kupita ku Damascus, kenako Jerusalem, kenako Hajj mu 1096. Ulendowu ndimauwerenga mosamala, chifukwa kudzipatula kudawathandiza iwo, koma munthu yemwe wayamba kulankhula zodzipha sasiyidwa yekha ngakhale usiku umodzi. Mufunseni mwachindunji, khalani naye, bisani mankhwala ndi zingwe, dziwitsani wachibale wodalirika. Kwa ife a ku Area 15, Kamuzu Central Hospital ili pafupi ngakhale pakati pa usiku, ndipo St John of God ku Area 43 imaona matenda a maganizo. Dua tizichita tili m'galimoto popita.

Padapita zaka 11 asanabwererenso m'kalasi. Ihya yomwe timaikonda ija adailemba mkati mwa zaka zimenezi. Mu 1106 adayambanso kuphunzitsa ku Nishapur, kenako adabwerera kwawo ku Tus, komwe adamwalira mu December 1111 ali ndi zaka 53.