Robert Thompson, Mmisiri wa Kambewa

Agogo anga anali mmisiri wa matabwa, ndipo kasemasema wawo tidakali naye pakhomo ngakhale palibe amene amamugwira. N'chifukwa chake ndasankha kulemba mbiri ya Robert Thompson, Mngerezi amene anatchuka ndi chida chomwechi pa nthawi imene anzake anali kuthamangira makina.

Thompson anabadwa m'chaka cha 1876 m'mudzi wa Kilburn, m'dera la Yorkshire ku Mangalande. Bambo ake, amenenso anali kalipentala, anamutumiza ku Cleckheaton kukaphunzira ntchito ya makina, koma mtima wake sunakhazikike kumeneko. Patatha zaka 5 anabwerera kumudzi. Chimene chinamukopa ndi mipando yosemasema ya m'tchalitchi chachikulu cha Ripon, yomwe inapangidwa m'zaka za m'ma 1400. Ataiona anatsimikiza mtima kutsitsimutsa luso lakale losema mtengo wa oki, lomwe mipando, matebulo ndi mabokosi a m'nyumba zikuluzikulu za kumidzi ankapangidwira.

Njira yake inali yofuna kudekha. Matabwa ankawasanja panja kuti aume okha kwa zaka zingapo. Powasalaza ankagwiritsa kasemasema, motero pamwamba pa tebulo pankatsala timafunde tomveka m'manja munthu akasisita. Mwayi unamugwera m'chaka cha 1919 pamene wansembe wina, Bambo Paul Nevill, anamupempha kusema mtanda wa kumanda a ku Ampleforth. Ntchitoyo itakoma, sukulu ya Ampleforth College inamupatsa ina yambiri, kuphatikizapo mipando ndi matebulo a m'laibulale.

Chizindikiro chake chinali kambewa kosemedwa pa katundu wake. Akuti kanayamba tsiku lina mnzake atadandaula kuti umphawi wawo unali ngati wa mbewa yokhala m'tchalitchi, momwe mulibe chakudya. Poyamba kambewako kanali ndi miyendo yakutsogolo, koma cha m'ma 1930 anasiya kuisema chifukwa inkathyoka. Thompson anamwalira m'chaka cha 1955, ndipo zidzukulu zake zinapitiriza ntchitoyo ku Kilburn komweko.

Pomaliza, mbiri imeneyi yandisiyira funso. Agogo anamwalira osaphunzitsa aliyense wa ife, pakuti tonse tinkaona ngati ukalipentala ndi ntchito ya olephera sukulu. Mipando yawo ilibe chizindikiro, ndipo sindingathe kuiloza m'nyumba za anthu. Kodi luso lopanda wolilandira limatha zaka zingati lisanaiwalike?