Fyodor Dostoevsky: Mlembi Amene Ankadziwa Kulemera kwa Chinsinsi

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, sabata ino pakhoma pano ndakubweretserani mbiri ya munthu wa dzina lopinda lilime. Ndi Fyodor Dostoevsky wa ku Russia. Dzinalo lisakuthamangitseni ayi. Ambirife timakonda nkhani zija zoti ukamawerenga mtima umakhala uli m'mwamba, za munthu amene akubisa zinazake ndipo zakale zikumulondola ngati galu. Mkuluyu ndi mmodzi mwa akatswiri oyambirira a nkhani zoterezi, ndipo zambiri zimene analemba anayamba wazilawa yekha.

Anabadwa mu 1821 mumzinda wa Moscow. Bambo ake anali dokotala pachipatala cha anthu osauka chotchedwa Mariinsky, ndipo banja lonse linkakhala pachipatala pomwepo. Ndiye kuti mwanayu anakula akuona odwala ndi amphawi tsiku ndi tsiku. Mayi ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1837 iye ali ndi zaka 15, msinkhu wa ambirife a Fomu 2. Kenako anamutumiza ku St Petersburg kusukulu ya mainjiniya a asilikali, koma mtima wake unali pa mabuku basi.

Mu 1839 kunabwera uthenga woti bambo ake amwalira kumunda kwawo ku Darovoye. Nthawi imeneyo alimi a ku Russia ankakhala ngati katundu wa eni minda, zofananako ndi thangata imene inazunza makolo athu m'maesiteti a kuno kummwera. A boma analemba kuti dokotalayo anafa ndi matenda. Koma mphekesera inafala yoti anachita kuphedwa ndi alimi ake omwe chifukwa cha nkhanza. Taganizani mnyamata wa zaka 17 akuyenda ndi nkhani ziwiri zosiyana za imfa ya bambo ake. Patapita zaka 40, buku lake lomaliza linali la bambo wophedwa ndi ana okayikirana.

Atamaliza sukulu anagwira ntchito ya boma pang'ono n'kuisiya kuti azilemba. Buku lake loyamba, lodziwika m'Chingerezi kuti Poor Folk, kutanthauza anthu osauka, linatuluka mu 1846 ndipo linamutchukitsa. Koma anayambanso kupita kumisonkhano ya kunyumba kwa Mikhail Petrashevsky, kumene achinyamata ankawerenga zolemba zoletsedwa ndi kukambirana zomasula alimi aja. Pagulupo panali kazitape. Mu Epulo 1849 apolisi a mfumu Nicholas I anawanjata. Mlandu waukulu wa Dostoevsky unali woti anawerengera anzake kalata yoletsedwa ya Vissarion Belinsky. Kuwerenga kalata basi! Musadabwe kwambiri, paja kwathu konkuno Jack Mapanje, wolemba ndakatulo, anakhala m'ndende ya Mikuyu ku Zomba kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Atakhala m'ndende miyezi isanu ndi itatu, m'mawa wina wa mu Disembala 1849 anawatengera pabwalo lotchedwa Semyonov n'kuwawerengera chigamulo choti awomberedwe. Anawaveka malaya oyera a anthu okaphedwa. Atatu oyamba anawamangirira pamitengo, asilikali n'kuloza mfuti. Dostoevsky anali m'gulu lachiwiri, akudikira kuti ikalira mfuti, kenako ndi iyeyo. Mwadzidzidzi kunafika uthenga woti mfumu yawakhululukira. Zoona zake n'zakuti mfumuyo inali itasintha kale chigamulo, ndipo zonsezo zinali sewero lowaopseza. Mmodzi mwa omangidwa pamtengo aja, Nikolai Grigoriev, mutu wake sunakokenso bwino mpaka imfa yake. Dostoevsky anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, koma mphindi zimenezo sizinachoke m'mutu mwake, moti anadzazilemba m'buku lake lina lotchedwa The Idiot.

M'malo mwa imfa anamupatsa zaka zinayi za ntchito yakalavulagaga ku Omsk, m'chigawo cha Siberia. Ulendo wake unatenga pafupifupi mwezi. Ife timadandaula ndi chiperoni chotsika m'phiri la Mulanje mu Juni, koma kumeneko mitsinje yeniyeni imauma gwa, anthu n'kumayenda pamwamba pake. Maunyolo anali m'miyendo usana ndi usiku. Buku limene ankaloledwa kukhala nalo ndi Chipangano Chatsopano chimene amayi ena anamupatsa panjira ku Tobolsk, ndipo anachisunga mpaka tsiku la imfa yake. Ankagona chipinda chimodzi ndi mbava ndi zigawenga zopha anthu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira mmene munthu wopalamula amaganizira, amene amadzitama ndi amene amalira usiku anzake akagona.

Anatuluka mu 1854 n'kukakamizidwa kukhala msilikali ku Semipalatinsk, kumene anadziwana ndi mkazi wake woyamba, Maria. Anabwerera ku St Petersburg mu 1859. Apa n'kuti akudwala khunyu, matenda akugwa aja, ndipo anadwala moyo wake wonse. Mu 1864 Maria anamwalira, patangopita miyezi itatu mkulu wake Mikhail anatsatira. Dostoevsky anasenza ngongole za malemuyo pamodzi ndi banja lake lonse.

Ndiye apa panalowa chilombo china, njuga. Ankapita kumizinda ya ku Germany monga Wiesbaden kukabetcha pa gudumu lozungulira lokhala ndi kampira, akuganiza kuti wapeza njira yopambanira. Akawina pang'ono ankabwerera kuti awonjezere, akaluza ankabwerera kuti abweze zake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anafika popinyolitsa wotchi yake n'kumalemba makalata opempha ndalama kwa anzake. Amene mumabetcha mpira pafoni ndi ndalama ya nandolo, mwaimva imeneyo?

Ali m'mavuto omwewo anayamba kulemba Crime and Punishment, kutanthauza mlandu ndi chilango, limene linkatuluka zigawozigawo m'magazini chaka cha 1866. Nkhani yake ndi ya Raskolnikov, mnyamata wanzeru amene wasiya sukulu ya zamalamulo chifukwa chosowa ndalama. Iye akudzinamiza kuti kupha gogo wina wakatapila si tchimo, poti gogoyo amayamwa magazi a amphawi. Akumupha ndi nkhwangwa, ndiye mwatsoka m'bale wake wa gogoyo, Lizaveta, wosalakwa n'komwe, akutulukira, nayenso akuphedwa.

Luso lili apa, anzanga. M'nkhani zambiri za apolisi funso limakhala loti wapha ndani. Muno wakupha tikumudziwa kuyambira koyambirira. Chimene chimakugwira pakhosi n'chakuti chinsinsichi achisenza mpaka liti. Palibe mboni yomuloza chala, koma mnyamatayo akudwala, akubwebweta kutulo, akukomoka pamene apolisi akungocheza za nkhaniyo. Zimene anaba akuzibisa pansi pa mwala osawerenga n'komwe ndalamazo. Akubwerera yekha kunyumba ya gogo uja kukaliza belu la pakhomo. Mayi ake ndi mlongo wake akabwera, akulephera kuwayang'ana m'maso. Wofufuza mlandu, Porfiry, samumenya kapena kumukalipira, amangocheza naye mosekaseka uku akudikira. Ngakhale pamene munthu wina wavomera mlanduwo monama, Raskolnikov sakupeza mtendere. Akuyamba kupuma pokhapokha ataulula kwa mtsikana wina wosauka dzina lake Sonya, kenako kupolisi. Akuluakulu amati mlandu suola. Dostoevsky anaonetsa kuti chimene chimaola ndi mtima wa wobisayo.

Chaka chomwecho anatsala pang'ono kutaya zonse. Chifukwa cha ngongole anali atasainirana ndi wosindikiza mabuku wina, Stellovsky, kuti apereke buku latsopano pofika 1 Novembala 1866, apo ayi munthuyo azisindikiza mabuku ake zaka zisanu ndi zinayi osamulipira kalikonse. Okutobala anakwana asanalembe. Anzake anamupezera mtsikana wa zaka 20, Anna Snitkina, wodziwa kulemba mwachidule mothamanga. Iye ankangoyankhula, Anna n'kumalemba, ndipo m'masiku 26 anamaliza The Gambler, nkhani ya munthu wanjuga. Ankadzilemba yekhatu ameneyo. Mu 1867 awiriwa anakwatirana.

Musaganize kuti njuga inathera pomwepo. Anathawira kunja kuopa angongole, n'kukhalako zaka zinayi, ndipo ku Baden-Baden anapinyolitsa ndolo za Anna ndi mphete yaukwati. Mwana wawo woyamba anamwalira ku Geneva ali ndi miyezi itatu. Koma chimodzi chinasintha: kwa Anna sankabisa. Akaluza ankaulula, nthawi zina akulira. Mu 1871 ataluzanso ku Wiesbaden, analembera mkazi wake kuti basi wasiya, ndipo ulendo uno anasiyadi. Anna anatenga udindo wosunga ndalama, anayamba kusindikiza yekha mabuku a mwamuna wake, ngongole zija n'kumatha pang'onopang'ono.

Mu 1878 mwana wawo Alyosha anamwalira ndi khunyu atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu. Dzina la mwanayo analipatsa mnyamata wamtima wabwino wa m'buku lomaliza lija, The Brothers Karamazov, limene analimaliza mu 1880. Dostoevsky anamwalira kumayambiriro kwa 1881 ali ndi zaka 59, mtsempha wa m'mapapo utaphulika. Anthu zikwizikwi anaperekeza maliro ake mumzinda womwe uja anafuna kumuwomberamo.

Mbiri imeneyi si ya ku Russia kokha ayi. Mnzathu wodwala khunyu akagwa m'kalasi, ena timathawa poopa kuti atipatsira. Matendawa sapatsirana, mankhwala ake amapezeka kuchipatala, ndipo munthu amene mabuku ake akuwerengedwabe dziko lonse patatha zaka zoposa 140 ankagwa chimodzimodzi. Kuseka kwathuko n'kumene kumachititsa mnzathuyo kubisa matenda mpaka kusiya sukulu.

Komanso pakati pa inu amene mwaima pakhoma pano, alipo wina amene akuyenda ndi mwala mumtima. Mwina anadya ndalama ya fizi, mwina ali ndi ngongole ya katapila imene makolo sakuidziwa, mwina wamkulu wina anamuchita zoipa n'kumuopseza kuti asanene. Ngati ndi zomalizazi, wolakwa si iwe, ndipo chinsinsicho chikuteteza amene anakulakwira. Peza munthu mmodzi wodalirika, kaya ndi mayi ako, azakhali, aphunzitsi kapena amayi a Mother Group, umuuze sabata yomwe ino.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2