Livingstone ndi Madzi Owira

David Livingstone anabadwa m'chaka cha 1813 ku Blantyre, mudzi wa ku Scotland. Makolo ake anali osauka, ndipo ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'nyumba yopota thonje, namaphunzira usiku. Atakula anaphunzira udotolo ku Glasgow, nafika ku Africa m'chaka cha 1841.

Ana ambiri amva za maulendo ake, koma owerengeka okha adziwa za kanthu kena kamene ananyamula m'katundu wake, ndiko kagalasi kopimira kutentha. Pofika pa malo achilendo ankatereka madzi pamoto, ndipo atawira ankapima kutentha kwake, nalemba m'buku. Potero anadziwa ngati dzikolo lili lokwera kapena lotsika.

Kodi madzi angauze bwanji munthu msinkhu wa phiri? Tamverani, ana inu. Mpweya uli nako kulemera, ngakhale sitiuona. Upsinja madzi a mumphika, ndipo madziwo sangawire kufikira nthunzi yake itapeza mphamvu yakuukankha. M'mbali mwa nyanja yamchere, kumene dziko latsikitsitsa, mpweya wotipsinja uchuluka, ndipo madzi awira pa madigiri 100. Munthu akakwera mamita ngati 300, mpweya uchepako, ndipo madzi awira atapereweza digiri imodzi. Pa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, mamita 3,002, awira pa madigiri ngati 90. Chifukwa chake wophika nandolo pamwamba pa phiri la Chiradzulu adzalinda nthawi yaitali koposa mnzake wa ku Nsanje, pakuti madzi ake abwata koma sanatenthe kwenikweni.

Koma kuchuluka kwa madzi sikusintha muyesowo ayi. Mphika waukulu wa madzi osamba uchedwa kuwira, nutha nkhuni zambiri, pamene kamphika kakang'ono kawira msanga. Koma yonse iwiri ikawira pa bwalo limodzi, kutentha kwake nkumodzi. Tsono Livingstone anangosowa madzi pang'ono ndi tinkhuni towerengeka.

Sanachite zimenezi mosewera. Anaona kuti malungo apha anthu ambiri m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo anafunafuna dziko lokwera ndi lozizira. M'chaka cha 1859 anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi John Kirk, nafika ku nyanja ya Chilwa, nakondwera ndi mapiri athu ano. M'chaka cha 1861 anaperekeza Bishopu Mackenzie ku Magomero, m'boma lathu lino la Chiradzulu, ndipo panjira anamasula akapolo amene anali kutengedwa m'magoli.

Komatu kagalasi kaja kanadziwa msinkhu wa dziko wokha. Za nkhondo, njala ndi udzudzu sikanadziwe. Masiku amenewo panalibe wozindikira kuti malungo adza ndi udzudzu, pakuti izi zinadziwika m'chaka cha 1897. Mackenzie anatsikira ku mtsinje wa Ruo, nafa ndi malungo m'Januwale 1862, ndipo anzake anachoka ku Magomero chaka chomwecho.

Livingstone anakhalabe ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo m'zaka zake zomaliza anayenda kufunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Anamwalira m'chaka cha 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero litchedwa Zambia. Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo ananyamula mtembo wake miyezi yambiri kufikira ku nyanja yamchere, ndipo anaikidwa ku London m'chaka cha 1874.