Bambo Gregor Mendel, Wansembe wa M'dimba la Nsawawa

Bambo Gregor Mendel anabadwa m'banja la alimi m'chaka cha 1822, nalowa chipani cha Agustino Woyera ku Brno mu 1843. Kawiri konse analephera mayeso a uphunzitsi, koma sanataye mtima. Kuyambira 1856 kufikira 1863 anali kukwatitsa nsawawa m'dimba la amonke, namaziwerenga mosatopa. Anapeza kuti zazitali zikakwatitsidwa ndi zazifupi, ana onse amatalika. Koma mwa zidzukulu, chimodzi mwa zinayi chimafupika. Motero chibadwa cha makolo chimangobisala, sichitayika ayi.

Anamwalira mu 1884, ntchito yawo isanatchuke. Akatswiri anaizindikira mu 1900. Lero ophunzira za chilengedwe cha zamoyo pa yunivesite amaphunzitsidwa malamulo a Mendel monga maziko.