Amai Teresa a ku Calcutta

Ku Mtendere, mu mzinda wa Lusaka, kuli nyumba ya masisitere obvala nsalu zoyera za mizere ya buluu m'mphepete. Iwo amalera ana amasiye ndi kusamala odwala osowa wowayang'anira. Amene anayambitsa gulu lao ndiwo Amai Teresa, amene anasiya dziko la kwao nakalera ana a eni ace kutsidya kwa nyanja.

Amai Teresa anabadwa pa 26 Ogasiti 1910 mu mzinda wa Skopje, ku Ulaya. Makolo ao anali a mtundu wa ku Albania, ndipo dzina lao la paubwana linali Agnes. Atate a Agnes anamwalira iye ali ndi zaka 8 zokha, cotero amai ace analera ana atatu ndi nchito yosoka ndi kugulitsa nsalu. Ngakhale cuma cinacepa, amaiwo sanali kubweza munthu wanjala pakhomo. Potero Agnes anadziwa umasiye akali wamng'ono, naphunziranso kugawana ndi osauka.

M'caka ca 1928, ali ndi zaka 18, anatsazika abale ace napita ku Ireland kukalowa gulu la masisitere a Loreto ndi kuphunzira Cingelezi. Kucokera kumeneko anakwera sitima ya pamadzi, nafika ku Calcutta, m'dziko la India, mu Januwale 1929. Amai ace sanawaonenso, pakuti iwo anasamukira ku Albania, ndipo boma la kumeneko linatseka njira kufikira imfa yao mu 1972.

Ku India Agnes sanathamangire kukatola ana. Poyamba anaphunzira cinenero ca Cibengali ndi makhalidwe a eni dziko. Mu 1931 anatenga dzina lakuti Teresa, ndipo atacita malumbiro ace otsiriza mu 1937 anayamba kuchedwa Amai Teresa. Anaphunzitsa atsikana zaka zambiri pa sukulu ya St Mary's, nakhala mkulu wa sukuluyo mu 1944.

Sukuluyo inali m'kati mwa linga, koma kunja kwa lingalo kunali zisakasa za anthu osauka. Mu 1943 kunagwa njala yoopsa m'dera la Bengal, ndipo mu 1946 Ahindu ndi Asilamu anaphana m'miseu ya Calcutta. Ana ambiri anatsala okha. Pa 10 Sepitembala 1946, ali m'sitima ya pamtunda kupita ku Darjeeling, Amai Teresa anamva mumtima mwao kuti Mulungu afuna kuti aturuke m'linga ndi kukakhala pakati pa osaukawo.

Anadikira cilolezo ca akulu a Mpingo kufikira 1948. Tsono anabvula zobvala za Loreto, nabvala nsalu ya mtengo wocepa yonga ya akazi osauka a ku India. Anapitanso ku Patna miyezi ingapo kukaphunzira kusamala odwala, cifukwa cifundo cokha sicitha kuciritsa bala. Atabwerako anayamba sukulu pabwalo, pakati pa zisakasa za ku Motijhil. Panalibe bolodi kapena mabenchi. Iwo anali kulemba zilembo pa dothi ndi kamtengo, naphunzitsanso anawo kusamba. Atsikana ena amene anawaphunzitsa kale anadza kudzawathandiza, ndipo pa 7 Okutobala 1950 gulu lao la Missionaries of Charity linabvomerezedwa.

Mu 1955 anatsegula nyumba ya ana yochedwa Shishu Bhavan. Kumeneko kunali kubwera makanda otoledwa m'miseu ndi otayidwa pazipata za zipatala, ena oonda zedi, ena olumala. Masisitere anali kuwasambitsa, kuwamwetsa mkaka ndi kuwafungatira. Ana ambiri anapezedwera mabanja owalera, ena anatumizidwa ku sukulu. Ndipo amene analephera kucira anafera m'manja mwa munthu wowakonda.

Nchitoyo inafalikira ku maiko ena. Nyumba yoyamba kunja kwa India inatsegulidwa ku Venezuela mu 1965, ina ku Tabora, m'dziko la Tanzania, mu 1968, ndipo pambuyo pace masisitere anafika ndi ku Zambia. Mu 1979 Amai Teresa analandira mphotho ya mtendere ya Nobel, napempha kuti ndalama za phwando lao zipite kwa osauka. Mu 1982, nkhondo iri m'kati ku Beirut, anaturutsa ana 37 m'cipatala cimene cinali pakati pa omenyana. Madokotala ena anadandaula kuti m'nyumba zao za odwala mankhwala ndi luso la cipatala zinali zoperewera, koma iwo anali kulandira anthu okanidwa ndi onse.

Anamwalira ku Calcutta pa 5 Sepitembala 1997, ali ndi zaka 87, ndipo mu 2016 Papa Francis anawaika m'gulu la oyera.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwana wamasiye safuna mame, pakuti amene amnyamula lero ndi kumsiya mawa amcititsa umasiye kawiri. Amai Teresa anafika ku India ngati mlendo, koma anaphunzira cinenero, nasanduka nzika ya dzikolo, nakhala komweko zaka 68. Ndi cifukwa cace ana a kumeneko anawayesa amai ao enieni.