Tetisheri, Agogo a Mafumu a ku Ejipito

Ife a kuno ku Dedza tidziwa kuti pa Mankhamba ufumu wa Kalonga unkacokera m'mimba mwa Nyangu. Cotero sikudzatibvuta kumva mbiri ya Tetisheri, mai wa ku Ejipito amene anakhala moyo zaka zoposa 1,500 Kristu asanabadwe.

Tetisheri sanabadwire m'banja lacifumu ai. Atate ake anali Tjenna, amai ake Neferu. Maina awo tiwadziwa cifukwa analembedwa pa nsalu zokulungira mtembo. Komabe Senakhtenre, mfumu ya ku Thebes, anamkwatira namuika kukhala mkazi wamkulu.

Masiku amenewo dziko linali logawikana. Kumpoto, ku mathiriro a mtsinje wa Nile, kunkalamula alendo ochedwa Hyksos, likulu lawo ku Avaris. Mafumu a ku Thebes anangotsala ndi cigawo ca kumwera. Ana awiri a Tetisheri, Seqenenre ndi mlongo wake Ahhotep, anakwatirana monga mwa mwambo wa mafumu a kumeneko. Seqenenre anayamba kulimbana ndi alendowo, ndipo mtembo wake, umene unapezeka m'caka ca 1881, uli ndi mabala a nkhwangwa pamutu. Kamose anapitiriza nkhondoyo. Koma amene analanda Avaris ndi kulumikizanso dziko lonse ndiye Ahmose, mdzukulu wa Tetisheri, amene analowa ufumu akali mwana ca m'ma 1550 Kristu asanabadwe.

Atakhazikika, Ahmose sanaiwale tsinde lake. Mwala wolembedwa umene unafukulidwa ku Abydos m'caka ca 1902 usimba kuti mfumuyo inakhala pansi ndi mkazi wake, Ahmose-Nefertari, kukambirana za kulemekeza makolo. Pamenepo inakumbukira mai uja wobala atate ake ndi amai ake omwe, nilamula kuti ammangire ciliza ndi nyumba ya cikumbutso, akumbe dziwe, abzale mitengo, apatule minda ndi ng'ombe, aikenso anthu osamala malowo.

Kacifanizo ka ku British Museum, kamene anthu ankati ndi nkhope yake, kanadziwika m'caka ca 1984 kuti nkabodza. Koma pa mwala uja Tetisheri aonekabe atakhala pampando, mdzukulu wake alikumpatsa mphatso. Dzina lake lapulumuka cifukwa mdzukulu analilembetsa. Nanga inu owerenga, ndani mwa inu angachule lero dzina la amai a agogo ake?